Tisazimitse kafukufuku wa moto utsi ukadali m'maso

Mu 2023 mayiko a mu mgwirizano wa European Union anakhazikitsa lamulo loti kuyambira 2035 galimoto zatsopano zogulitsidwa kumeneko zisamatulutse mpweya wa carbon dioxide. Kunena mosapsatira, kumeneku kunali kutsanzikana ndi injini ya petulo ndi ya dizilo. Dziko la Britain nalo lakhala likusunthasuntha chaka chake, pena 2030, pena 2035, koma komwe likulowera n'komweko. Chigamulochi chabala mtsutso wina m'mayunivesite: ngati injini ikupita, nanga anthu amene moyo wawo wonse amafufuza za kayakidwe ka moto atsala ndi ntchito yanji? Ophunzira ena akhala akuchita zionetsero kuti sukulu zawo zileke kulandira ndalama za makampani a mafuta, ndipo alipo amene akupitirira pamenepo n'kumanena kuti phunziro lenilenilo ndi ladzulo, mwana wanzeru asataye nalo nthawi, apite ku mabatire ndi ku sola. Ine ndikukana. Kafukufuku wa moto ndi wofunika lero kuposa mmene analili zaka 50 zapitazo, ndipo amene akufuna kumuzimitsa akuyang'ana galimoto za ku Berlin n'kuiwala kuti anthu oposa 2 biliyoni padziko lapansi amaphikabe pa nkhuni, makala, malasha, ndowe ndi palafini. Moto sudzachoka pakati pathu chifukwa choti asayansi asiya kuuphunzira. Udzangotsala ukuyaka moipa, popanda woulondalonda.

Kuti mfundo yangayi isakhale ya m'malere, ndiitsamiritsa pa moyo wa munthu mmodzi, Felix Weinberg, amene anali pulofesa wa sayansi ya moto pa Imperial College mumzinda wa London. Anabadwa mu 1928 ku Ústí nad Labem, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia, m'banja la Chiyuda. Bambo ake anali atafika ku England nkhondo isanabuke, koma iye, mayi ake ndi mng'ono wake njira inawatsekekera. Mu 1942, ali ndi zaka 14, anatengedwa kupita kumalo otsekerako Ayuda a ku Terezín, ndipo kuchoka kumeneko anadutsa m'ndende zozunzirako anthu za chipani cha Nazi za Auschwitz, Blechhammer, Gross-Rosen ndi Buchenwald. Mayi ake ndi mng'ono wake sanatulukemo amoyo. Ku Blechhammer kunali mafakitale opanga petulo kuchokera ku malasha, ndipo akaidi ankagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga pamalopo kuti nkhondo ya Hitler isathe mafuta. Pamene asilikali a America ankafika ku Buchenwald mu Epulo 1945, mnyamatayu anali atangokwanitsa zaka 17, sukulu ataisiya kalekale. Chaka chomwecho anapita kwa bambo ake ku England, anayambiranso maphunziro, anapeza digiri ya University of London, n'kulowa pa Imperial College chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1967 anakhala pulofesa, mu 1983 anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, ndipo anamwalira mu Disembala 2012. Sindikufuna kumuikira mawu m'kamwa kapena kunena kuti anasankha moto chifukwa cha zimene anaona kundende. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti munthu amene ankadziwa kuposa ife tonse zimene moto umachita ukakhala m'manja mwa anthu ankhanza, anatha zaka zoposa 50 akuuyang'anitsitsa modekha kuti aumvetse.

Ankayang'ana chiyani m'lawimo? Aliyense amene anawerengapo pa koloboyi akudziwa kale theka la yankho. Ndili ku pulayimale, ndikakweza chingwe kuti kuwale kwambiri, lawi linkatalika n'kufiira, kunsonga kwake kukutuluka kautsi kakuda kopyapyala ngati ulusi, ndipo m'mawa ndikamina, mamina ankatuluka akuda bii. Agogo akabwera ndi nyali yawo ya galasi, palafini yemweyo ankayaka lawi loyera, lokhazikika, lopanda utsi. Kusiyana konse kunali pa mpweya. Galasi lija limakoka mpweya kuchokera pansi n'kuuyendetsa m'mbali mwa lawi, motero mafuta amapsa onse. Mwaye ndi palafini amene mwagula ndi ndalama zanu koma sanapse. Utsi ndi nkhuni zimene mwasenza kuchokera kuphiri koma zathawira kudenga zisanaphike kanthu. Vuto la wasayansi n'lakuti kupsa kwenikweniko kumachitikira m'kachigawo kopyapyala kuposa chikhadabo, m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo ukalowetsamo chitsulo choyezera, wasokoneza kale chimene umafuna kuyeza. Weinberg anakonza njira zoyezera lawi ndi kuwala, osalikhudza. Kuwala kukamadutsa mumpweya wotentha kumakhota, monga mmene msewu wa tala umaonekera ngati ukunjenjemera masana a mu Okutobala, ndipo munthu akayeza kukhotako amadziwa kutentha kwa malo alionse m'lawimo. Buku lake la nkhaniyi linatuluka mu 1963. Anafufuzanso za magetsi a m'lawi, pakuti m'moto mumabadwa tinthu tating'ono tonyamula mphamvu ya magetsi. Mukaika kandulo pakati pa zitsulo ziwiri zokhala ndi magetsi amphamvu, lawi limapendekeka ngati lawombedwa ndi mphepo. Izi zinaonetsa kuti lawi, ngakhalenso mwaye wake, zingathe kuwongoleredwa popanda kuzigwira.

Komabe ntchito yake imene ndikufuna otsutsa aione bwino ndi ya m'zaka za m'ma 1970. Mpweya uliwonse woyaka uli ndi malire ake. Methane akachepera pa magawo 5 mwa magawo 100 alionse a mpweya, ngakhale mumalize bokosi lonse la machesi, sayaka. Anthu ankatenga malirewa ngati lamulo la chilengedwe. Weinberg anafunsa kuti: bwanji kutentha kumene kukuthawa ndi utsi titakubweza kuti kutenthetse mpweya umene ukulowa? Iye ndi mnzake wina, S. A. Lloyd, anapanga choyatsira chokulungidwa ngati mphasa, chokhala ndi njira ziwiri zogundana, ina yolowera pakati, ina yotulukira kunja. Utsi wotentha potuluka umasiya kutentha kwake pakhoma, mpweya wozizira polowa umakutola, ndipo ukamafika pakati umakhala utatentha kale moti ngakhale tigasi tochepa timayaka. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1974. Mayi amene amaimika nkhuni zonyowa m'mbali mwa mafuwa kuti ziumitsidwe ndi moto womwewo umene udzaziwotche, akugwiritsa ntchito nzeru yofanana ndi imeneyi. Phindu lake ndi lalikulu. Methane wochepa mphamvu amene amatuluka m'migodi ya malasha ndi m'malo otayako zinyalala amatenthetsa dziko pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide m'zaka 20 zoyambirira, choncho kumuwotcha n'kwabwino kuposa kumusiya kuti akwere kumwamba. Ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi galasi nazo masiku ano zimabweza kutentha kwa utsi kuti zichepetse mafuta. Funso limene munthuyu anayenda nalo linali la mmene tingawotchere zochepa n'kupeza kutentha komweko. Ndikufunsa: kodi limeneli ndi funso la mdani wa chilengedwe?

Tsopano ndibwere kwa otsutsa, ndipo ndiyesetsa kuti ndisawapeputse, chifukwa ambiri mwa iwo akufuna chimene inenso ndikufuna. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti aliyense wokonza injini kuti iziyaka bwino akutalikitsa moyo wa mafuta. Iwo amati nyumba ikamapsa sukonza mbaula, umazimitsa moto. Nthawi yochepetsera kutentha kwa dziko yatsala yochepa, ndipo injini yabwinoko imangopatsa andale chifukwa chozengerezera. Mantha amenewa ndi omveka. Koma tiyeni tione kumene injini zimapita zikachoka kwawo. Padziko lapansi pali galimoto zoposa 1 biliyoni, ndipo lamulo la 2035 likukhudza zatsopano zokha. Galimoto ikakalamba ku Japan kapena ku Britain siikidwa m'manda. Imakwera sitima, n'kutsikira pa Dar es Salaam, pa Beira kapena pa Durban, n'kudzayamba moyo wachiwiri kwa ife. Imene idzapangidwe mu 2034 idzakhala ikukwerabe zitunda zathu mu 2055. Aliyense amene anatsatirapo minibasi yodzaza ikukwera mtunda, utsi wakuda uli tolotolo mpaka woyendetsa wam'mbuyo kutseka mawindo, n'kuona ana asukulu akuyenda m'mphepete mwa msewu womwewo atagwira mphuno, akudziwa kuti funso la kayakidwe ka dizilo kuno silinathe. Kuonjezera apo, pafupifupi magawo 80 mwa 100 a mphamvu zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito akuchokerabe m'kuwotcha malasha, mafuta ndi gasi. Ngakhale titathamanga chotani, zaka makumi angapo zikubwerazi tidzakhala tikuwotchabe zinthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Utsi wa lero ukulowa m'mapapo a lero, ndipo kuuchepetsa sikulepheretsa aliyense kumanga sola.

Mbiri nayo ikuchitira umboni. Mu Disembala 1952, Weinberg ali wachinyamata pa ntchito yake ku London, utsi wa malasha unaphimba mzindawo kwa masiku asanu. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 omwalira, ndipo ofufuza a m'mbuyo mwake anakweza chiwerengerocho kufika cha m'ma 12,000. Lamulo loyeretsa mpweya linabwera mu 1956. Koma lamulo palokha silitsuka mpweya. Pankafunika anthu odziwa mmene mwaye umabadwira m'lawi ndi mmene ng'anjo ingamangidwire kuti usabadwe. Chimodzimodzinso mpweya woipa wa nitrogen oxide, umene umayabwa m'chifuwa: wasayansi wa ku Soviet Union, Yakov Zeldovich, anafotokoza mu 1946 kuti umapangika lawi likatentha mopitirira, ndipo pa chidziwitso chimenecho ndi pamene panamangidwa zoyatsira zimene zimauchepetsa. Mpweya umene anthu a ku Ulaya akupuma lero, umene ukuwapatsa mpata wonena kuti moto watha ntchito, anawayeretsera ndi ophunzira za moto omwewo.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, ndipo sindingaidumphe. Otsutsa amati ntchito imeneyi ili ndi manja akuda. Mu 1921 Thomas Midgley, wofufuza wa kampani ya General Motors, anapeza kuti mtovu ukathiridwa mu petulo injini imaleka kugogoda. Mtovuwo unafalikira mumpweya wa dziko lonse n'kuwononga ubongo wa ana kwa mibadwo ingapo. Mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anausiya pofika 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linausiya mu 2021, patatha zaka 100. Mu 2015 zinadziwika kuti kampani ya Volkswagen inaika pulogalamu yachinyengo m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni, kuti zizioneka zoyera poyesedwa koma zizitulutsa poizoni pamsewu. Ndipo choopsa kuposa zonse, mauvuni otenthera mitembo ku Auschwitz ndi ku Buchenwald, ndende zomwe Weinberg anadutsamo, anamangidwa ndi kampani ya Topf und Söhne ya ku Erfurt, ndi mainjiniya odziwa bwino za mpweya, kutentha ndi chumuni. Zonsezi n'zoona, ndipo wokonda phunziroli amene amazibisa ndi wabodza.

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, tifunse kuti anagwira Volkswagen ndani. Anali ofufuza a pa West Virginia University, anthu odziwa injini ndi utsi wake, amene anamangirira zoyezera kumbuyo kwa galimoto n'kuyenda nazo pamsewu weniweni. Ataona kuti manambala a pamsewu sakugwirizana ndi a m'chipinda choyesera, anadziwa kuti pali chimene chabisika, chifukwa ankadziwa mmene injini ya dizilo imayenera kuchitira. Munthu wosadziwa ntchitoyo akanangolandira pepala la kampani n'kusaina. Mayunivesite akasiya kuphunzitsa za moto, chidziwitsocho sichidzafa. Chidzangotsala m'makampani okhaokha, ndipo boma lidzasowa munthu wake woti awatsutse. Chachiwiri, ophunzira amene akudandaula za ndalama za makampani a mafuta ali ndi mfundo, ndipo pamenepa ndili nawo limodzi. Wolipira woimba ndiye amasankha nyimbo, ndipo wofufuza amene malipiro ake akuchokera kwa wogulitsa dizilo adzavutika kunena zoipa za dizilo. Koma mankhwala ake ndi kuti ndalama za kafukufukuyu zizichokera ku boma ndi ku mabungwe osagulitsa mafuta, komanso kuti wofufuza aliyense aziulula amene akumulipira. Kutseka labotale chifukwa wopereka ndalama ndi wokayikitsa kuli ngati kugwetsa chipatala chifukwa anamanga ndi kontilakita wakuba. Mainjiniya a ku Erfurt ndi mnyamata amene anapulumuka utsi wa mauvuni awo anaphunzira malamulo amodzimodzi a mpweya ndi kutentha. Chimene chinawasiyanitsa ndi amene anasankha kumutumikira.

Mfundo yachitatu ndi ya azachuma. Mu 1865 William Stanley Jevons anaona kuti makina a nthunzi atayamba kudya malasha ochepa, Britain anayamba kuwotcha malasha ambiri, chifukwa chinthu chikatsika mtengo anthu amachigwiritsa ntchito mowirikiza. Motero, iwo amati, injini yosamala mafuta imangochulukitsa maulendo. Izi zimachitikadi pa galimoto ndi pa ndege, ndipo n'chifukwa chake luso liyenera kuyenda limodzi ndi misonkho ndi malamulo. Koma pali malo amene mfundoyi sigwira. Banja limene mbaula yake yayamba kudya theka la nkhuni siliyamba kuphika nsima kasanu ndi kamodzi patsiku. Mimba ili ndi malire. Nkhuni zotsalazo zimakhala mtengo umene sunadulidwe, ndi ulendo wa kuphiri umene mtsikana sanayende.

Mfundo yachinayi imati ndalama ndi zochepa, choncho zipite kumene kuli tsogolo: dzuwa, mphepo ndi mabatire. Ndikuvomereza kuti gawo lalikulu lipite kumeneko. Kwathu kumudzi kasola kakang'ono kanachotsa koloboyi uja, ndipo palibe amene amamusowa. Koma kasola kameneko kamayatsa mababu atatu ndi kutchaja foni. Sikangaphike nyemba zouma kwa maola atatu. Ndipo kupitirira pakhomo, pali ntchito zimene magetsi sanazifikebe bwinobwino. Simenti amapsa pa madigiri pafupifupi 1,450 m'ng'anjo yozungulira. Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku London singanyamule mabatire okwanira ulendowo. Ngakhale mafuta amene akutchedwa a m'tsogolo, monga hydrogen ndi ammonia, ambiri mwa iwo adzayenera kuwotchedwa, ndipo ali ndi makhalidwe awoawo. Lawi la hydrogen silioneka bwino masana, limathamanga kwambiri moti limatha kubwerera m'paipi, ndipo likatentha limabala nitrogen oxide yemwe uja. Ammonia ndi waulesi poyaka. Adzaweta malawi amenewa ndani ngati ana onse anzeru tawauza kuti athawe? Ifenso kuno takhala tikusakaniza ethanol wa ku nzimbe mu petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo mmene mafuta osakanizawa amayakira mu injini zakale ndi funso la sayansi yomweyi. Musaiwalenso moto umene sitinauitane. Batire la lithium likapsa limavuta kuzimitsa. Nyumba yosanja ya Grenfell ku London inapha anthu 72 mu 2017 chifukwa zokutira kunja kwake zinathamangitsa lawi kukwera m'mwamba. Misika yathu imapsa chaka ndi chaka. Odziwa mmene lawi limayendera pa pulasitiki, pa matabwa ndi pa udzu ndi omwewa akuuzidwa kuti ntchito yawo yatha.

Mfundo yomaliza ndi imene imandipweteka, chifukwa imachokera kwa anthu a kwathu. Iwo amati: zonse mwanenazo ndi za ku London, nanga mayi wa ku Chikwawa zamuthandiza chiyani? Ndipo ali ndi umboni. M'dziko lino, limene dzina lake lomwe limakumbutsa malawi a moto, mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020. Pofuna kuona ngati mbaula zamakono zingateteze ana ku chibayo, ofufuza anachita kafukufuku wamkulu ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kafani kouzira mpweya, zimene m'labotale zinkayaka bwino kwambiri. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, chibayo sichinatsike. Mbaula zinkawonongeka pafupipafupi, mabanja ankabwerera pa mafuwa, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya. Otsutsa amatenga zimenezi n'kunena kuti onani, sayansi ya moto yalephera pakhomo pathu penipeni, dikirani magetsi ndi gasi basi.

Ine ndimawerenga zotsatirazo mosiyana. Zikuonetsa kuti lawi la nkhuni silinapatsidwe chidwi chimene linapatsidwa lawi la injini. Injini ya galimoto yaphunziridwa kwa zaka zoposa 100 ndi anthu masauzande, ndi ndalama zosawerengeka. Mafuwa atatu, amene amaphikira anthu ochuluka kuposa amene ali ndi galimoto, agwiridwa ndi anthu owerengeka, nthawi zambiri a mabungwe ongodzipereka. Pamene nzeru yeniyeni ya moto inalowapo, zinthu zinasuntha. Larry Winiarski, wa ku bungwe la Aprovecho ku America, anakonza m'zaka za m'ma 1980 mbaula ya roketi, imene ili ndi kachumuni kotetezedwa kuti kutentha kusathawe, kuti utsi upserenso usanafike pa poto. Ndi mfundo ya nyali ya agogo ija ndi ya Weinberg pamodzi: mpweya wokwanira, ndi kutentha kosungidwa. Chitetezo mbaula yathu yadothi imachepetsa nkhuni poyerekeza ndi mafuwa, ngakhale kuti utsi sinauthetse. Komanso moto wa nkhuni ndi wovuta kuposa wa injini. Petulo wa lero ndi wofanana ndi wa mawa, koma mayi lero asonkhezera bulugamu wouma, mawa zitsononkho, mkuja mapesi achinyontho. Amavundula nsima ndi mphamvu moti mbaula yopepuka imagwa. Amafuna moto waukulu pothira ufa, kenako wochepa. Amachoka kukatunga madzi n'kusiya chikuni chikunyeka chokha. Wopanga mbaula amene sanakhalepo pansi m'khitchini ya udzu n'kuona zonsezi ndi maso ake ofiira ndi utsi, adzapanga chinthu chopambana mayeso ku Ulaya n'kudzasanduka mpando kuno. Ndipo za kudikira magetsi, tikukumbuka 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale a m'tauni okhala ndi kuka yamagetsi anabwerera ku thumba la makala, ndipo njinga zotsika nawo m'mapiri zinachuluka.

N'chifukwa chake ndikamva mnyamata kapena mtsikana wa ku yunivesite ya MUBAS kapena ya MUST akuuzidwa kuti za moto n'zachikale, ndimafuna nditamuonetsa choyatsira chija chokulungidwa ngati mphasa, n'kumuuza kuti amene anachiganiza anayamba maphunziro ake mochedwa, atataya mayi ndi mng'ono wake, ndipo anafunsa funso limene ena ankati linayankhidwa kale. Mafunso otere kuno ali mbwee. Mabalani ochizira fodya wa flue-cured amadya mitengo yochuluka chifukwa kutentha kwambiri kumathawira m'chumuni. Mauvuni a njerwa amapsa mosiyana, zapakati kupserera, zam'mbali kutsala zaziwisi. Wowotcha makala m'dothi amataya gawo lalikulu la mphamvu ya mtengo ngati utsi, mtengowo usanafike n'komwe pa mbaula ya munthu. Makala oyaka m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira amatulutsa carbon monoxide, amene alibe fungo, ndipo amagoneka banja lonse osadzukanso. Ndipo pali mphindi zoyambirira zija za m'mawa wa mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, nkhuni zili nyowe, mayi atagwada akuuzira pansi pa poto, mwana ali kumbuyo, utsi woyera uli kutuluka m'udzu wa denga ngati nyumba ikupsa. Mphindi zimenezo, moto usanakolere, ndi pamene utsi umachuluka kwambiri, ndipo nkhope ziwiri zimakhala pafupi nawo kuposa nthawi ina iliyonse. Ndikufuna munthu wophunzira, wokhala ndi zoyezera ndi ndalama za kafukufuku, akagwade pambali pa mayiyo n'kuyeza zimene zikuchitika pansi pa potoyo.